Ndime ya zaka 10: sabata imodzi m'midzi ya Peak District

Lolemba, Bakewell

Ndadzuka nkhungu ikadali pa mtsinje wa Wye. Lero ndi tsiku la msika kuno ku Bakewell, moti pofika 8 koloko magalimoto a alimi anali atandanda kale kulowera kumsika wa ziweto, nkhosa zikulira m'matirela. Ndawoloka pa mlatho wakale wa miyala chikwama chili kumsana, muli mapu, jekete ya mvula ndi mapepala amene ndiyende nawo sabata yonseyi.

Ndikauza anthu kuti ndimagwira ntchito m'paki, ambiri amaganiza za mpanda, geti ndi nyama zakutchire. Paki ya ku England siili choncho. Peak District, yomwe inakhazikitsidwa mu Epulo 1951 n'kukhala yoyamba ku Britain konse, ndi yaikulu masikweya kilomita 1,438 ndipo mumakhala anthu pafupifupi 38,000. Muli masukulu, matchalitchi, minda, misewu ya mabasi. Malo ambiri ali ndi eni ake: alimi, makampani a madzi, bungwe losamala malo a mbiri ndi achilengedwe la National Trust, banja lachifumu la ku Chatsworth. Boma silinalande malo a munthu. Linangolamula kuti wofuna chilolezo chomangira m'pakimu azikapempha ku bungwe loyang'anira paki, osati ku khonsolo monga zimakhalira kwina.

Ku ofesi kwathu kuli anzanga amene amaunika pempho lililonse n'kunena kuti inde kapena ayi. Ine ndili m'kagulu kena, kolemba mfundo zimene anzangawo amayezera mapemphowo. Lamulo la zomangamanga la 2004 limati chigamulo chizitsata ndondomeko yolembedwa pokhapokha patakhala chifukwa chomveka chopatukira. Ndiye mawu amene timalemba pa kompyuta amakatha kukhala nyumba, kapena kukhala thengo. Chikalata chathu chachikulu chinavomerezedwa mu 2011, cha mfundo zatsatanetsatane mu 2019, ndipo pano tikuziunikanso zonse. Gawo la nyumba lagwera ine.

Ndime imene ndikuyenda nayo ndi yaifupi. Kuno sitilola kumanga nyumba zatsopano pongofuna kukwaniritsa msika, chifukwa ofuna kugula nyumba m'mapiri okongolawa ndi osawerengeka. Timalola nyumba zotsika mtengo za anthu a m'deralo amene alibe pokhala poyenera. Nanga wa m'deralo ndani? Ndimeyo imati ndi amene wakhala zaka 10 m'parishi imeneyo (kuno parishi ndi kadera kakang'ono ka ulamuliro wa boma, osati ka mpingo) kapena yoyandikana nayo m'kati mwa paki. Ngati anachokamo, akhale atakhalamo zaka 10 pa zaka 20 zapitazi. Ndaiwerenga kambirimbiri ndili pa desiki. Sabata ino ndikufuna ndiimve ikuwerengedwa ndi anthu amene imawakhudza.

Lachiwiri, chigwa cha Hope

Msonkhano womva maganizo a anthu unali madzulo m'holo ya mudzi wina wa m'chigwachi, choncho ndinafika masana kuti ndiyambe ndauyenda wapansi. Ndi mudzi wa nyumba za miyala yotuwa, madenga a masileti, maluwa pa mawindo. Ndinayamba kuwerenga timabokosi ta chitsulo tokhomedwa pambali pa zitseko, tija amasungiramo kiyi kuti mlendo akafika angodina manambala n'kulowa. Mumsewu umodzi wokha ndinatiwona pa makomo ambiri kuposa mmene ndimayembekezera. Nyumba zimenezi zimadzaza Lachisanu, Lolemba n'kukhala gwaa, makatani otseka.

M'holomo tinayala mapu pa matebulo. Anabwera anthu ngati 30, ambiri a imvi. Agogo ena aakazi anandilandira ndi tiyi akundiitana kuti "duck", kutanthauza bakha, mawu amene akuluakulu a ku Derbyshire amaitanira aliyense amene amukomera mtima. Nkhani zinayamba ndi magalimoto a alendo otseka zipata za minda, kenako basi imene inachepetsedwa maulendo, kenako sukulu ya pulayimale imene ana akucheperachepera. Ndinalemba zonse, ngakhale zina si za ofesi yathu.

Anthu atayamba kubalalika, mtsikana wina amene anakhala kumbuyo osayankhula anabwera pa tebulo langa atavala yunifolomu ya unamwino m'kati mwa jekete. Anatenga pepala la ndime ija n'kuloza ndi chala.

"Mayi, tandiwerengereni inuyo, mwina ine ndikulakwitsa. Ndinabadwira m'nyumba ya kuseri kwa tchalitchiko. Ndinachoka ndili ndi zaka 18 kukaphunzira ku Sheffield, ndipo ntchito ndinaipeza komweko. Pano ndili ndi zaka 29."

Ndinawerengera pa pepala iye akuyang'ana. Zaka 20 zapitazo anali ndi zaka 9. Kuchokera pa 9 kufika pa 18 ndi zaka 9. Chikuperewera chaka chimodzi.

Ndinamufunsa za makolo ake, chifukwa ndimeyo ili ndi khomo lina la munthu amene ayenera kukhala pafupi ndi wodwala kapena wofooka amene wakhala m'parishimo zaka 10. Anapukusa mutu. Mayi ake ali bwinobwino, amayenda ndi galu m'phiri tsiku ndi tsiku. "Ndiye ndidikire kuti adwale?" Sanafunse mokalipa. Anafunsa ngati munthu amene akufunadi kudziwa yankho.

Ndinamufotokozera chifukwa chimene malirewo anaikidwira, ndipo chifukwacho ndimachikhulupirira. Nyumba zotere zimamangidwa zochepa kwambiri, kawirikawiri pa malo amene nyumba wamba sikanaloledwa, ndipo zimamangiriridwa ndi pangano la pansi pa gawo 106 la lamulo la zomangamanga la 1990 kuti zisadzagulitsidwe kwa aliyense wa ndalama. Popanda malire omveka, munthu angachite lendi chaka chimodzi n'kudzitcha mwini mudzi. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti zonsezo akuzimva, koma dzina la agogo ake lili pa mwala wa chikumbutso cha nkhondo pabwalo la mudziwo. Kenako anathamangira sitima, mawa ali ndi shifiti ya m'mawa.

Ndikulemba izi pa 11 koloko usiku ndipo tulo palibe.

Lachitatu, Castleton ndi Mam Tor

Kumadzulo kwa Castleton kuli msewu umene unagonja. Unali A625, wolumikiza Sheffield ndi madera a kumadzulo, ndipo unadutsa m'munsi mwa phiri la Mam Tor, lomwe nthaka yake imatsetsereka pang'onopang'ono mvula ikachuluka. Anaukonza, anaukonzanso, mpaka mu 1979 anausiya. Lero ndayenda pa phula lake lothyokathyoka ngati masitepe. Pamene pagumuka umaona mizere ya phula yosanjikizana, uliwonse ndi chaka chimene anthu ankati ulendo uno tathana nazo. Magalimoto pano amakwera kudzera m'kampata kopapatiza ka Winnats Pass. Mnzanga wamkulu ku ofesi amabweretsa kuno aliyense amene wangoyamba ntchito, ndipo sanena zambiri, amangomusiya aziyang'ana.

Pamwamba pa phirili, mamita 517, chigwa chonse chimaoneka, ndipo pakati pake pali chumuni chachitali cha fakitale ya simenti ya ku Hope. Alendo awiri amene anaima pafupi nane amadabwa kuti analola bwanji chinthu chotere m'paki. Ndinawauza kuti fakitaleyo inayamba mu 1929, paki isanakhazikitsidwe, ndipo inabwera pano chifukwa miyala yopangira simenti ili pomwepo. Ikanakhala pempho latsopano lero, ikanakumana ndi mfundo ya boma yoti chitukuko chachikulu m'paki chikanidwe pokhapokha patakhala zifukwa zapadera kwambiri. Koma ilipo, ndipo mabanja ambiri m'chigwachi adya kuchokera mmenemo mibadwo ingapo. Kwa ine chumunicho sichindinyansa. Ndikachiona ndimadziwa kuti pali anthu amene amadzuka m'midzi imeneyi Lachitatu m'nyengo yozizira kupita ku ntchito ya chaka chonse.

Ndinakhala pa mwala n'kutulutsa kabuku kanga komwe ndinakoperamo zolinga za paki monga zilili m'lamulo la 1995. Choyamba, kusamala ndi kukometsa kukongola kwa chilengedwe, zamoyo zakutchire ndi chikhalidwe cha makolo. Chachiwiri, kupatsa anthu mwayi womvetsa ndi kusangalala ndi malowa. Ziwirizi zikawombana mosatheka kuziyanjanitsa, choyamba ndiye chimapambana, mfundo imene inachokera ku komiti ya Lord Sandford mu 1974. Za moyo ndi chuma cha anthu okhalamo zimabwera pambuyo pake, ngati udindo woti tiziukwaniritsa pamene tikutsata zolinga ziwirizo. Namwino wa dzulo uja ali pa mzere wachitatu umenewu. Sindingasinthe kasanjidwe ka lamulo. Chimene ndingathe ndi kuonetsa, ndi umboni, kuti mzere woyamba sungaime wachitatu utagwa, ndipo mawa ndikupita kwa munthu amene amaudziwa umboniwo ndi manja ake.

Lachinayi, kufupi ndi Monyash

Kuno ndi kumwera, dera lotchedwa White Peak chifukwa cha miyala yake ya laimu yoyererako. Minda ndi yaing'onoing'ono, yogawidwa ndi mipanda ya miyala yosanjikizidwa popanda simenti, kuyambira pamene waima mpaka pamene maso alekezera. Mipanda imeneyi ndi imene imajambulidwa pa makalendala. Palibe umodzi umene unamera wokha.

Bambo amene anandiitana ndinawapeza akutseka pamene mpanda unagwa. Ali ndi zaka za m'ma 60, amaweta nkhosa ndi ng'ombe zochepa. Sanasiye ntchito pondilonjera, ndipo ine ndinavula magolovesi n'kuyamba kuwapatsira miyala. Anandionetsa kamangidwe kake: mizere iwiri yoyang'anana kumbuyo, yotakasuka pansi n'kumapanikizana pokwera, timiyala tating'ono todzaza pakati, ndiye apa ndi apo mwala wautali wopingasa womanga mbali zonse ziwiri. "Mwala mukaunyamula musaubweze pansi," anatero, "upezereni malo." Pa ola lathunthu tinakweza kachigawo kosakwana kutambasula manja.

Chimene anandiitanira chinali khola la miyala lomwe lili lokhalokha pakati pa munda, mtunda ndithu kuchokera pa msewu. Makolo ankasungiramo ng'ombe m'nyengo yozizira, udzu uli m'mwamba. Masiku ano thirakitala singalowe pa khomo lake, ndipo denga layamba kubooka. Akufuna likhale nyumba ya mwana wawo wamwamuna, yemwe amagwira nawo ntchito koma akugonabe m'chipinda chake cha paubwana, mkazi ndi khanda ali momwemo. M'madera ena a England, kuyambira 2014, mlimi angasandutse khola kukhala nyumba popanda kudutsa njira yonse yopemphera chilolezo. M'mapaki ufulu umenewo mulibe.

Ndinawauza poyera kuti sindine wogamula pempho lawo, komanso kuti pali njira ina ya nyumba ya wogwira ntchito pa famu ngati angaonetse kuti ziweto zimafunadi munthu wachiwiri usana ndi usiku. Kenako ndinawauza chimene chimatidetsa nkhawa. Khola likasanduka nyumba silibwera lokha. Limabwera ndi msewu wodula munda, mawaya a magetsi, magalimoto awiri pakhomo, nyale usiku, kapinga wometa. Zikachitika pa makola onse a m'derali, dziko limene anthu amabwera kudzaona latha. Mulinso mileme, imene lamulo limaiteteza, ndipo m'makola ambiri otere mumaswerana akadzidzi.

Anandimvera akupukuta manja pa buluku. "Zoona zimenezo, mayi. Koma likagwa denga, mileme yanuyo ikhala kuti? Ndipo mnyamatayu akapita ku Derby, mpanda uwu adzaukweza ndani? Inuyo?"

Mawu amenewa ndinawalemba monga anawanenera. Ndalama zimene alimi ankalandira potengera kukula kwa munda zikuchotsedwa pang'onopang'ono ku England ndipo zitha mu 2027. M'malo mwake mukubwera zolipira ntchito zosamala chilengedwe, ndipo kuyambira 2021 pali thumba lapadera la alimi a m'malo otetezedwa lomwe lathandiza kukonza mipanda ndi makola. Koma thumba limagula masileti, silibereka womanga mpanda.

Pobwerera ndinadzera m'chigwa cha Lathkill. Mitengo ya ash yambiri yauma nsonga ndi matenda amene afalikira dziko lonse. Ndinayenda mwakachetechete, zala zikuwawa.

Lachisanu, Ladybower

Mvula tsiku lonse. Ku msonkhano wa m'mawa kunabwera anthu 6, ndipo tinakambirana bwino kuposa misonkhano ina yodzaza.

Masana ndinaima pa damu la Ladybower. Linamangidwa kuyambira 1935 mpaka 1943 kuti mizinda ya Derby, Leicester, Nottingham ndi Sheffield ipeze madzi, ndipo pansi pake pali midzi iwiri, Ashopton ndi Derwent. Anthu anawasamutsira ku kamudzi ka Yorkshire Bridge, mafupa a m'manda anakawaikanso ku mudzi wa Bamford. Nsanja ya tchalitchi cha Derwent anaisiya itatulukira pamwamba pa madzi, mpaka mu 1947 anaiphulitsa. Madzi akaphwa kwambiri, monga mu 2018, maziko a nyumba amaonekera ndipo anthu amakhamukira kudzaona.

Amene anagamula zimenezi anali anthu a mapu ndi mapepala ngati ine, ndipo mizindayo inkafunadi madzi. Ndinakhala m'galimoto kwa kanthawi mawaipa akugwira ntchito, ndikuganiza za makatani otseka a Lachiwiri aja.

Loweruka, Edale ndi Kinder Scout

Lero silinali tsiku la ntchito koma ndinakwera sitima ya m'chigwa cha Hope kupita ku Edale. Inali yodzaza: ophunzira, mabanja, gulu la amayi ovala mahijabu ndi nsapato za m'mapiri, bambo wina atabereka mwana kumsana. Ndivomere kuti pofika dzulo mtima wanga unali utayamba kuwaona alendo ngati gwero la mavuto onse amene ndamva sabata ino. Phiri la lero landibweza.

Pa Edale ndi pamene imayambira Pennine Way, njira ya mamailosi 268 yokafika ku Kirk Yetholm ku Scotland, yomwe inatsegulidwa mu 1965. Ndinaitsata kukwera chitunda chotchedwa Jacob's Ladder mpaka pamwamba pa phiri la Kinder Scout, mamita 636, nsonga yaitali kuposa zonse m'pakiyi. Kale phirili linali lotsekedwa, losungidwira eni malo kuti azisakamo mbalame masiku ochepa pa chaka. Pa 24 Epulo 1932 gulu lalikulu la achinyamata, ambiri ogwira ntchito m'mafakitale a ku Manchester, linanyamuka ku Hayfield motsogozedwa ndi Benny Rothman, mnyamata wa zaka 20, n'kukwera dala popanda chilolezo. Analimbana ndi alonda, ndipo 5 mwa iwo anapita kundende. Lamulo lokhazikitsa mapaki linadza mu 1949, ndipo ufulu woyenda momasuka m'mapiri otere unalembedwa m'lamulo mu 2000. Anthu amene ndinadzazana nawo m'sitima ndi zidzukulu za nkhondo imeneyo. Akafuna kugona kuno usiku umodzi kapena uwiri, ayenera kupeza pogona, ndipo timabokosi ta makiyi tija ndi tawo.

Pamwambapa nthaka ndi yakuda bii, ya peat, ya zomera zakufa m'chinyontho, yomwe imaunjikana pang'onopang'ono kwa zaka masauzande. Utsi wa mafakitale a m'mizinda yozungulira unapha zomera zake, moto ndi nkhosa zinamalizitsa, mpaka phiri linatsala dazi, mvula ikukokolola dothi kupita nalo m'madamu. Kuyambira 2003 mgwirizano wa Moors for the Future wakhala ukutseka ngalande ndi timadamu ting'onoting'ono n'kubzalanso ndere za sphagnum zimene zimasunga madzi ngati siponji. Ndinagwada n'kufinya kachidutswa kobiriwira, madzi anatuluka m'manja mwanga. Malo amene anthu akale amawakumbukira ali akuda ngati phala lopserera lero ali ndi udzu. Miyala yafulati imene anayala m'njira kuti mapazi asakumbe dothi, yambiri inachokera m'mafakitale akale a nsalu amene anagwetsedwa.

Potsika ndinayenda limodzi ndi mnyamata wina woyendetsa basi ku Manchester. Anati amabwera kuno kamodzi pa mwezi chifukwa ndi malo okhawo amene mutu wake umakhala chete. Sindinamuuze ntchito yanga. Ndinangomufunsa chimene amakonda kwambiri, iye n'kuloza pansi m'chigwa, ku minda ndi mipanda yake ndi kakhola ka miyala kali pakati.

Lamulungu usiku, Bakewell

Mapepala ali mbwee patebulo. Ndayamba ndi zimene sizili m'manja mwathu: kuyambira Epulo 2025 makhonsolo a ku England ali ndi mphamvu yowirikiza msonkho wa nyumba yachiwiri, ndipo tiyenera kutsata ngati zikubweza nyumba zina kwa okhalamo. Ndalembanso funso loti nyumba yatsopano iliyonse izikhala ndi lamulo loti ikhale kwawo kwenikweni kwa wokhalamo, osati nyumba yachiwiri, monga anachitira a ku St Ives ku Cornwall mu 2016. Za makola ndalemba kuti tisiyanitse lomwe lili pafupi ndi nyumba za pa famu ndi lomwe lili lokha pakati pa munda, komanso kuti tisalembe ngati kulisiya ligwe n'kopanda mtengo.

Ndime ya zaka 10 ndiyo yanditengera usiku wonse. Ndinayesa kutsitsa zakazo kufika pa 5, ndinafufuta, chifukwa khomo likatakasuka chotero nyumba zochepazo zidzapita kwa amene afika dzana. Ndinayesa kukweza zaka 20 zija kufika pa 30, n'kuona kuti ndangosuntha mpanda womwewo kuti ukagwere munthu wina. Chimene chatsala pa pepala ndi chiganizo chimodzi cholembedwa ndi pensulo: kuti munthu amene anakulira m'parishimo zaka 10 asanakwanitse zaka 18 aziwerengedwa wa m'deralo, kaya anachoka liti, bola akhale kuti akusowadi pokhala poyenera. Ndikudziwa mafunso amene abwere. Umboni wake udzakhala chiyani, makalata a sukulu? Anthu otere alipo angati, ndipo sadzakankha amene sanachokepo n'komwe? Ndiyenera kukafufuza manambala ndisanalimbe nacho mtima.

Chiganizochi chikapulumuka ku ofesi, chidzapita kwa mamembala 30 a bungwe lathu, kenako kwa anthu kuti anenepo maganizo awo, kenako kwa woyendera wa boma amene adzafunse umboni wa liwu lililonse pa msonkhano wapoyera. Zimenezi zimatenga zaka. Namwino uja chaka chamawa zaka zake zidzakhala 8, chinacho 7.

Anandisiyira imelo yake pa fomu ya ndemanga. Ndamulembera kuti zimene ananena ndazilemba m'lipoti monga anazinenera, popanda dzina lake, ndipo ndidzamuuza tsiku limene komiti idzakambirane kuti ngati shifiti ilola adzabwere. Lipotilo ndikalipereka mawa 9 koloko.